Ufa wa Mvunguti Umene Amayi Anabwereka

Ku koleji ndinakhalako chaka chimodzi ndi miyezi isanu ndi iwiri, ndipo ndikufuna zidziwike kuti sindinathawe. Anandiperekeza mwaulemu mpaka pageti. Kemisitile inandigwetsa kawiri, ndiye akuluakulu a sukulu, atakhala pansi n'kulingalira mofatsa, anaona kuti nzeru zanga zikufunika kwambiri kumudzi kusiyana ndi m'kalasi. Anzanga amati ndinawidedwa. Ine ndimati ndinatumidwa.

Ndinabwerera kwathu ku Makhanga ndi chikwama chimodzi komanso mawu ataliatali angapo amene ndinkawatulutsa pa maliro ndi pa mpira. Udindo wa upolofesa anandiveka ndi atsibweni anga, achimwene awo a amayi, tsiku lomwe ndinafika. Anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka ku nsapato n'kunena kuti, "A Polofesa afika. Apatseni mpando, khasu aliona mawa."

Atsibweniwo anali msodzi wa m'dambo, ndipo ankakhala kuchikamwini kutsidya. Chaka chimene ndikunenachi anabwera kudzakhala kwathu, monga achitira munthu akadwala kwambiri, kubwerera kwa mlongo wake. Maso anali atasanduka achikasu, mimba itatupa, ndipo pansi pa nthiti za kumanja panali chinthu cholimba ngati mwala wonolera. Kuchipatala chachikulu anawaunika n'kunena mosabisa kuti ndi khansa ya chiwindi, ndipo yafika patali. Anawapatsa botolo la mankhwala oletsa ululu, n'kuwauza kuti azibwera akafuna kuchotsedwa madzi m'mimba. Amayi anawayalira mphasa pakhonde la kumthunzi. Pamenepo ndi pamene atsibweni ankaweruzira dziko lonse.

Mvula itangoyamba, kunabwera mayi wina wa kafukufuku wochokera ku labu ina ku Blantyre. Tonse tinkati adokotala, ngakhale anatiuza kuti iwo sabaya jakisoni. Ankafuna munthu wodziwa mitengo, wolankhula Chimang'anja ndi Chisena, komanso wotha kulemba kapepala osalakwitsa. Alangizi a zaumoyo anaganiza kwa nthawi yaitali, kenako analoza ine, pakuti panalibenso wina.

Adokotala anandifotokozera ntchito yawo titakhala pa benchi la pachipatala chaching'ono. Ku labu kwawo amaweta maselo a khansa ya chiwindi m'timabotolo, monga ena awetera nkhunda, kuwadyetsa timadzi tofiirira ndi kuwasunga m'bokosi lofunda ngati thupi la munthu. Makungwa, mizu kapena masamba amene anthu amati amathandiza nthenda ya chikasu ndi kutupa mimba, iwo amawanyika mu sipiriti, kusefa, kuumitsa mpaka patsale kaphula kakuda. Kaphulako amakasungunula n'kudonthezera maselo aja m'kambale ka timaenje tambirimbiri, ngati bawo la ana a nyerere. Pakapita masiku amathiramo mankhwala ena osintha mtundu. Kaenje kamene maselo ali moyo kamada, kamene afa kamatuwa.

"Koma mumve bwino, achimwene," anatero. "Kupha selo m'kambale si kuchiritsa munthu. Ngakhale parafini amapha maselo m'kambale. Apa tikungofunsa funso loyamba, ndipo mafunso ake ndi ambiri."

Ndinagwedeza mutu ngati munthu amene ankaganiza zomwezo kuyambira kale.

Kenako ananena chimene chinandichititsa kuti ndikhale tsonga. Anati zinthu zochokera mbali yathu zikamafika zaukhondo, zouma bwino, zolembedwa bwino mpaka nyengo ithe, adzanditenga kukagwira ntchito ku labuko. Ntchito yake yotsuka mabotolo, koma m'kati mwa labu, ndipo akadzaona kuti ndine munthu, adzandilembera kalata yoti ndikayesenso sukulu. Khomo limene ananditulutsira lija linali litatseguka pang'ono, pokwana phazi limodzi. Ndinatsimikiza mumtima kuti phazilo likhala langa.

Ntchito ndinaigwira ndi mtima wonse, ndipo pano sindikuseka. Ndinkafunsa asing'anga ndi akuluakulu mitengo imene amagwiritsa ntchito. Ndinkapita pamtengo, kusenda khungwa mbali imodzi yokha kuti mtengo usafe, kuthyola kanthambi ka masamba n'kukapanikiza pakati pa nyuzi, ndi kulemba malo ake pafoni. Makungwa ankayanikidwa pamthunzi, kutali ndi utsi. Akauma ankasinjidwa, kusefedwa, kuyezedwa pa sikelo yopachika n'kuikidwa m'thumba lake la nambala. Mtondo unkatsukidwa n'kuumitsidwa pakati pa mtengo ndi mtengo.

Pa kusinja m'pamene panali vuto. Tsiku loyamba nditagwira munsi, amayi atatu opita ku mjigo anaimika zidebe pansi kuti aonerere bwino. Atsibweni pakhonde paja anayamba kundiimbira nyimbo yapamtondo ndi mawu a mtsikana. Amayi anandilanda munsiwo.

"Choka apo usatichititse manyazi. Anthu aziti pakhomo pano palibe mkazi?"

Ndinavomera msangamsanga. Kuyambira thumba lachisanu ndi chinayi, wosinja anali amayi. Ine ndinkangobwera ndi sikelo, kuyeza, kulemba nambala, n'kusanja matumba m'chipinda chosungira mbewu, omangidwa ndi luzi basi, kudikira tsiku la bwato.

Cholakwa changa china chinali pakamwa. Polofesa sangakhale chete. Madzulo alionse ndinkaima pakhonde kuphunzitsa amayi ndi atsibweni za maselo. Mawu a parafini aja ndinkawadumpha chifukwa ankachepetsa ulemerero wa phunziro. Ndikukumbuka ndikukweza thumba la nambala 14, la makungwa a mvunguti, n'kunena kuti, "M'kati muno mwina muli mankhwala a khansa ya chiwindi amene dziko lonse likufuna." Atsibweni anati ndiwayikire pang'ono mu fodya. Amayi anapitiriza kusankha nyemba.

Kenako madzi anakwera, monga achitira kwathu. Msewu unamira, ndipo Makhanga anasanduka chilumba. Matumba anapita pa bwato, kenako pa njinga yamoto, kenako pa minibasi. Ine ndinatsala ndikudikira, foni ndikuitchaja pa sola ya aphunzitsi.

Patapita masabata asanu ndi limodzi adokotala anaimba. Mawu awo anali a munthu amene akuyesetsa kuti asasangalale. Anati matumba ambiri sanaonetse kanthu kodabwitsa, koma timaenje ta nambala 14 tatuwa kuposa tonse, ngakhale atathira pang'ono. Anabwereza kawiri, zomwezo. Anati ndisauze anthu, chifukwa sizikutanthauza kanthu pakali pano, koma akubwera okha Lachisanu kuti ndikawaonetse mtengowo, titengenso makungwa ena ambiri.

Ndinasunga chinsinsicho kuchokera pa sukulu mpaka pa mpanda wa kwathu, mtunda wautali ndithu. Amayi ndinawapeza kuseri akuwaza nkhuni.

"Amayi, mvunguti uja wapha maselo."

"Ndinadziwa ine," anatero osatembenuka. "N'chifukwa chake ndakhala ndikuwaphikira achimwene."

"Mukuwaphikira? Mwautenga kuti? Mtengo uja uli kutsidya kwa madzi."

"M'thumba mwako muja."

Ndinaseka, chifukwa ndinali ndi umboni wa sayansi. "Ayi, amayi. Ndinayezanso tsiku la bwato. Sikelo inakwana ndendende, mwinanso kupitirira pang'ono."

Anaika nkhwangwa pansi n'kundiyang'ana ngati ndawatukwana pamsika.

"Umafuna isakwane? Ndine wakuba ine? Ndinabwereka mbale, ndinabweza mbale. Yosefukira."

Amene sanakulire kwathu ayenera kumva bwino apa. Mayi akasowa ufa amatenga mbale n'kupita kwa mnzake. Amabwereka yosalaza, ndipo akagayitsa amabweza mbale yomweyo yosefukira. Palibe amene amafunsa kuti chimanga chake chinali cha munda uti. Wa mapira ukhoza kubweza wa chimanga, ndipo mwini wake amati takhuta, ndiye kuti zikomo. Amayi anga pa lamulo limeneli sanalakwepo chibadwire, ndipo mudzi wonse ungachitire umboni.

"Munabweza chiyani, amayi?"

"Ufa."

"Ufa wa chiyani?"

"Wa makungwa, iwe. Ukuganiza ndinathiramo mgaiwa? Ndinasinja bwinobwino, kusefa ndi sefa yako yomweyo."

"Makungwa a mtengo wanji?"

Anawerenga ndi zala, modekha. Ulendo woyamba anabweza ndi nimu wa kuseri kwa bafa, chifukwa nayenso ndi wowawa, ndiye ndi mankhwala. Ulendo wachiwiri anasenda msawu wa pachulu. Ulendo wachitatu anathiramo makungwa amene anawapatsa mayi wina wa kutchalitchi, amene nayenso anawalandira kwa mlamu wake wa ku Mozambiki. Dzina la mtengowo sankalidziwa, koma anati anthu amauyamikira.

Ndinakhala pa chipika. Thumba la nambala 14, limene dzina lake la Chilatini ndinalilemba ndi zilembo zopendekera, linali msonkhano wa mitengo inayi, umodzi wosadziwika ndi kwawo komwe.

Lachisanu linali patsogolo ndi masiku atatu. Njira yokhala chete inalipo, ndipo inali yotakata bwino. Ndikanawatengera adokotala pamtengo weniweni, tikanasenda makungwa oona, iwo akanakayesa. Zikanapanda kubwereza, akanati maselo ndi a nkhutukumve, monga ankanenera okha. Palibe akanaloza ine. Ntchito ya mabotolo ikanakhala yanga. Kungoti mayi uja akanatha miyezi akufunafuna mu mvunguti chinthu chimene mwina sichinalimo.

Atsibweni anali atamva zonse, chifukwa khoma la kwathu ndi la bango. Masana a tsiku lotsatira anandikodola.

"A Polofesa, tabwerani. Nkhope yagwa bwanji? Akuchotsaninso sukulu ina?"

"Musaseke, atsibweni. Nkhaniyi ndi yaikulu."

"Yaikulu ndi mimba yangayi. Tandiuzani, madzi akuda amene mlongo wanga akundimwetsa aja, achiritsa?"

Ndinafuna kutulutsa mawu ataliatali, koma sanabwere. "Sindikudziwa. Palibe akudziwa. Mwina sachita kanthu, mwina akuvutitsanso chiwindicho."

"Ehe. Lero mwalankhula Chichewa." Anadzikonza pa mphasa movutikira. "Kuwawa kwake ngati ndulu ya ng'ona. Ndimamwa kuti mwini wake apeze chochita ndi manja. Nanga mayi wa ku Blantyre uja mumuuza?"

"Ndikamuuza ntchito yatha."

"Ine ndinapusitsapo mnzanga. Ndinagula mlamba waukulu padoko, n'kumuuza kuti ndaugwira pa dziwe la kumabango. Anatchera mono pamenepo mwezi wathunthu, udzudzu ukumudya." Anaseka mpaka kugwira pamimba. "Mpaka lero sandipatsa moni. Koma iye uja anali wopusa kale. Wanuyu akuoneka wochenjera, adzakugwirani."

Sindinganene kuti ndinatsimikiza chifukwa cha chilungamo chokha. Mantha ogwidwa analipo. Komanso ndinali nditaona nkhope ya amayi akuwerenga zala zija, munthu wosabisa kanthu chifukwa sakuona choti abise. Ndinaona kuti pakhomo ponse wakuba ndikhala ine ndekha.

Lachisanu adokotala anafika pa bwato cha m'ma teni, nsapato zili m'manja, atanyamula matumba atsopano ambirimbiri. Sindinadikire kuti apukute mapazi. Ndinawauza pomwepo padoko, zonse, kuyambira pa munsi mpaka pa mlamu wa ku Mozambiki. Ndinanena mwadongosolo ngati lipoti, manja kumbuyo.

Anakhala pa bwato lina lotembenuzidwa.

"Masabata asanu ndi limodzi," anatero. "Ndinkapita ku labu ndi Lamlungu lomwe." Anapukusa mutu. "Ndinauza kale akuluakulu anga kuti pali kanthu."

"Pepani, adokotala."

"Tiyeni kwa amayi anu."

Amayi anawalandira ndi ulemu wonse, kuwayalira mkeka, kugwada popereka moni. Adokotala anatulutsa kabuku n'kuyamba kufunsa. Mbale yake iti? Amayi anaibweretsa, ya chitsulo, ya maluwa ofiira ofufutika. Liti? Anakumbukira masiku onse atatu: tsiku limene madzi anafika pa mjigo, tsiku la ubatizo, ndi tsiku limene mbuzi ya aneba inabereka. Nanga matumba ena? Amayi anati enawo sanawakhudze, kupatula nambala 12 imene anangolawako. Ndinaona adokotala akulemba mofulumira, ndipo ndinachita nsanje, chifukwa lipoti la amayi linali lomveka kuposa langa.

"Amayi," anatero adokotala potseka kabuku, "zimene tinapeza m'thumba lija sitingazigwiritsenso ntchito. Sitikudziwa kuti chinapha maselo ndi chiti. Mwina ndi poizoni chabe wa mtengo wosadziwikawo."

"Koma ndinabweza yosefukira."

"Ndamva, ndipo sindikuti munaba. Kungoti kwathu ku labu ufa si ufa. Uliwonse uli ndi mwini wake."

Amayi anaoneka kuti akuwamvera chisoni anthu a ku labu.

"Chinanso ndikupempheni," anapitiriza adokotala. "Madzi amene mukuwaphikira achimwenewa muyambe mwasiya, mukawauze a kuchipatala zimene akhala akumwa. Chilichonse chimene munthu wamwa chimadutsa m'chiwindi. Chawochi chatopa kale."

Amayi anayang'ana pakhonde pamene achimwene awo ankanamizira kugona, chipewa chili kumaso.

"Ndiye ndiwapatse chiyani?"

Ndinadikira kuti adokotala atulutse yankho la anthu ophunzira. Ine ndikanakhala iwo ndikanalipeza.

"Sindikudziwa, amayi. Ndikanadziwa sindikanawoloka madzi onsewa kudzasenda mitengo. Apatseni a m'botolo aja pa nthawi yake, asamve ululu. Apatseni chimene akufuna kudya."

Pansi pa chipewa panatuluka mawu. "Mwamva, chemwali? Chimene ndikufuna kudya. Nsomba za makakana zootcha, za mchere wambiri."

"Mchere anakuletsani inu," anatero amayi, akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

Pobwerera kudoko adokotala sanandinyengerere. Anati mlandu si wa amayi. Wosiya matumba omanga ndi luzi ndi ine, wopereka munsi kwa munthu amene sindinamufotokozere chifukwa chake mtondo umatsukidwa ndi ine, ndipo wolalikira za mankhwala pakhonde la wodwala ndi inenso. Anati matumba onse kuyambira lachisanu ndi chinayi ayambidwenso. Ndisende ndekha, ndiyanike ndekha, ndisinje ndekha, ndimate thumba lililonse ndi tepi n'kusainapo nthawi yomweyo.

"Nanga za ntchito ija?" ndinafunsa.

"Tumizani matumba kaye."

Ndinasinja miyezi iwiri. Mtondo ndinauika pabwalo penipeni, pakuti munthu akaganiza zochita manyazi ndi bwino awachite poyera amalize. Amayi a ku mjigo anasintha njira kuti azidutsa kwathu. Wina anandifunsa ngati ndatomeredwa kale. Wina anati mchiuno mwanga mukuuma, ndizitsika ndi mawondo. Anali kunena zoona, ndipo nditatsatira malangizowo msana unasiya kupweteka. Atsibweni ankawerengera kugunda kwa munsi ali chigonere, nthawi zina n'kufuula kuti, "Wa Chilatini uja wamwazika, a Polofesa!" Amayi sanakhudzenso thumba ngakhale limodzi. Ankangodutsa, kusuzumira mumtondo, n'kunena kuti ufa wanga ndi wamisere.

Mawu a pakhonde aja anayamba kuchepa madzi akuphwa. Atsibweni anamwalira nyengo yozizira itangoyamba, masana, amayi atawagwira dzanja. Ululu sunawazunze kwambiri, botolo lija linagwira ntchito yake. Tinawaika kwathu, ndipo asodzi anzawo anabwera ambiri, ngakhale wa mono uja.

Matumba atsopano anali atapita kale. Adokotala anandiuza pafoni kuti mvunguti wosasakaniza unatuwitsa timaenje pang'ono chabe, monga ina yambiri. Nimu ndi msawu anaziyesa pazokha, sizinafanane ndi zoyamba zija. Mtengo wachinayi sitinaupeze, chifukwa mayi wa kutchalitchi anati mlamu wake anasamuka. Chimene chinapha maselo aja sichidziwika mpaka lero, ndipo aliyense wokuuzani kuti akuchidziwa mumufunse kuti anasinja ndani.

"Matumba anu afika bwino," anatero pomaliza. "Tepi yachuluka, tinavutika kutsegula. Mubwere Lolemba, seveni koloko."

Ndinafika sikisi. Labu inali yozizira moti munthu wa kuchigwa ngati ine mano ankagundana. Anandionetsa sinki, maburashi, malo oyanikira mabotolo, ndi chigubu cha zinyalala zamadzi zimene sizitayidwa mu sinki. Kenako adokotala anatsegula firiji n'kutulutsa kabotolo kakang'ono ngati chala chachikulu. Munali timadzi takuda, ndipo pa kapepala kake panali nambala 14.

"Ntchito yanu yoyamba," anatero. "Mutaye m'chigubumo, mulembe m'buku la zotayidwa chifukwa chake, musaine."

Ndinavala magolovesi. Ndinathira pang'onopang'ono mpaka dontho lomaliza. Bukulo linali ndi kampata kakang'ono ka chifukwa, kosakwana nkhani yonse ya mbale, madzi osefukira ndi mbuzi ya aneba. Ndinalemba kuti zinasakanizidwa ndi makungwa ena kunyumba kwa wotolera, wotolerayo ndine, ndipo ndinasaina dzina langa lonse. Adokotala anawerenga, anagwedeza mutu, n'kundilozera mabotolo makumi angapo amene ankandidikira mu sinki.